Pa sikirini zinali bwinobwino, pa pepala n'kutuluka zolakwika, chavuta n'chani?

Achemwali ena a ku Matawale kuno ku Zomba afunsa funso lomwe ndikudziwa kuti likuvutitsa ambiri. Iwowa amapanga makadi a ukwati, maposita ndi mapulogalamu a maliro pa laputopu, nde posachedwapa anakasindikizitsa makadi a ukwati, kufika nawo kunyumba apeza dzina la mkwati lasowa chilembo chimodzi, nkhope za pa chithunzi zada kwambiri, buluu amene ankawala pa sikirini watuluka wofuwa. Akuti anawerenga mobwerezabwereza asanatumize. Akufunsa ngati vuto ndi maso awo, komanso ngati n'zoona zomwe amamva zoti zolakwika sungazione pa kompyuta pokhapokha utapulinta kaye, poti mapepala ndi inki zadula masiku ano.

Achemwali, pepani kwambiri, zimapweteka zimenezi makamaka poti ndalama ya kasitomala yalowa kale ndipo tsiku la ukwati silisuntha. Koma maso anu alibe vuto. Zinthu zitatu mwatchulazi sizinachokere kumodzi ayi. Chilembo chosowacho gwero lake ndi mmene mutu wa munthu aliyense umawerengera zomwe walemba yekha, pomwe nkhope zakudazo ndi buluu wofuwayo ndi nkhani ya kuwala ndi inki, olo mukanayang'anitsitsa tsiku lonse simukanaziona chifukwa pa sikirinipo panalibe.

Tiyambe ndi dzinalo. Munthu wozolowera kuwerenga sayenda chilembo chimodzichimodzi, diso limadumpha, limangogwira poyambira mawu ndi kaonekedwe kake, zotsalazo ubongo umamalizitsa wokha. Nde ngati analemba ndinu, ubongo ukudziwa kale zomwe mumafuna kunena, umakuwerengerani za m'mutu osati za pa sikirini. Mulembe Chimwewe mmalo mwa Chimwemwe, mubwereze kakhumi, mudzaonabe Chimwemwe basi. Kubwereza nthawi yomweyo, pa laputopu yomweyo, fonti (kaonekedwe ka zilembo) yomweyo, kumangokulimbitsani mtima kuti zonse zili bwino. Ndipo chomwe ndaona pa ntchitoyi n'choti zolakwika zochititsa manyazi sizibisala m'timalemba ting'onoting'ono ta mmunsi ayi, zimakhala pa mutu penipeni, pa zilembo zikuluzikulu, poti aliyense amaganiza kuti pamenepo sipangalakwike, amangosilira kukongola kwa fonti n'kudutsa.

Kompyuta nayo sitithandiza ife olemba Chichewa. Mu Word tsamba lonse limangofiira ndi timizere, mawu olondola ndi olakwika onse ofiira chimodzimodzi, mpaka maso amasiya kutiona timizereto, pena imangokusinthirani yokha mawu kuti afanane ndi a Chingerezi inu osazindikira. Ambiri sadziwanso kuti Word simayang'ana mawu olembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha, pokhapokha mutalowa mu Options, pa Proofing, n'kuchotsa kachizindikiro pa Ignore words in UPPERCASE. Nde mutu wa Chingerezi ukhoza kulakwika popanda kamzere kofiira olo kamodzi.

Tsopano funso lanu lenileni, kodi pepala limaposa sikirini? Pali zoona zake. Mu 2006 wofufuza wina, Jakob Nielsen, anatsatira ndi makina mmene maso a anthu amayendera akamawerenga pa intaneti, anapeza kuti ambiri amawerenga mizere ya pamwamba kenako n'kumangotsetsereka cha kumanzere, njira ya masoyo n'kumaoneka ngati chilembo F. Mu 2018 Pablo Delgado ndi anzake, ena mwa iwo a ku yunivesite ya Valencia ku Spain, anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza anthu opitirira 170,000, anapeza kuti anthu amamvetsa bwinoko zomwe awerenga pa pepala, ndipo kusiyanaku kumakula munthu akamawerenga mothamangitsidwa ndi nthawi. Iwo ankayeza kumvetsa nkhani osati kugwira masipelo, koma za kuthamangazo n'zomwe timakhalamo ife, kasitomala ali pakhomo, batire ikutha, magetsi athima. Chala chinazolowera kukankha sikirini, maso nawo anazolowera kuthamanga nacho.

Koma musatenge pepala ngati mankhwala. Mu 1631 ku London, Robert Barker ndi Martin Lucas anasindikiza Baibulo la Chingerezi, pa Eksodo 20:14 kanagwa kamawu kakuti not, lamulo loletsa chigololo n'kusanduka lolamula, anawalipiritsa mapaundi 300, nthawi imeneyo kulibe kompyuta olo imodzi. Ku Australia ndalama ya madola 50 yomwe inatuluka mu Okutobala 2018 inali ndi mawu akuti responsibility osowa i mmodzi, ndalama za mtunduwu zokwana 46 miliyoni zinali zitatuluka kale, anthu akugulira zinthu tsiku ndi tsiku, nkhaniyo inadzadziwika mu Meyi 2019. Ife a Chichewa tichenjere koposa chifukwa kukana kwathu kumakhala mkati mwa mawu, chikwangwani choti musataye zinyalala pano chikangotaya sa chayamba kuitana anthu kuti adzataye, ndipo diso lothamanga silingaone.

Ine mmene ndimaonera, mphamvu ya pepala ndi yoti limasintha kaonekedwe ka ntchito yanu, imaoneka ngati ya munthu wina, komanso limakukakamizani kufatsa. Nde pa nkhani ya masipelo simukufunika kupulinta mwa kala ayi, pepala wamba la A4 lakuda ndi loyera lakwana, mtengo wake sungafanane ndi wobwereza makadi onse. Chokani pa laputopu, mukakhale panja powala, tengani rula muphimbe mizere ya mmunsi, bolopeni izigunda mawu aliwonse, muziwerenga motulutsa mawu ndithu, pakamwa pamakana kutchula chomwe palibe pomwe diso limangovomera. Mukamaliza yambirani kumapeto kubwerera mmbuyo mawu amodziamodzi, chiganizo chikasowa tanthauzo ubongo umasiya kulosera. Ngati kulibiretu pulinta pafupi, sandutsani ntchitoyo PDF mudzitumizire pa foni, kapena koperani mawu onse muwaike mu fonti ina yosakongola, yaikulu, ndipo ngati nthawi ilipo igone kaye mudzaione mmawa.

Mayina, manambala ndi madeti musawawerenge limodzi ndi zina zonse, apatseni ulendo wawowawo. Dzina musalimvere pa foni, muuzeni kasitomala alembe yekha pa meseji inu mungokopera, chifukwa kwathu kuno l ndi r zimasinthana, nyanja timalemba Chilwa koma dzina la munthu ambiri amalemba Chirwa, wina ndi Yusufu wina Yusuf, wina Grace wina Gelesi, ndipo mwini wake yekha ndi amene akudziwa mmene zilili pa chitupa chake. Nambala ya foni iwerengeni, ikwane manambala 10, kenako iyimbeni mukuyang'ana pa pepala lomwe mwapulintalo osati pa meseji ya kasitomala, makamaka ngati ndi yolandirira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, poti manambala awiri akangosinthana malo chopereka cha anthu chizipita kwa munthu wosamudziwa. Mukalemba kuti Loweruka pa 14, tsegulani kalendala muone ngati 14 wa mwezi umenewo ndi Loweruka zoona, izi zimalakwika kwambiri munthu akatenga dizayini yakale n'kungosintha mayina, chaka chakale chimatsalira penapake mmunsi. Vesi ya m'Baibulo itseguleni muone chaputala ndi ndime, mufunsenso kuti ku mpingo kwawo amawerenga Baibulo liti chifukwa a Chichewa alipo angapo ndipo mawu ake amasiyana.

Pamwamba pa zonsezi pezani munthu amene sanaioneko ntchitoyo. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ntchito yosindikiza si yachilendo mu mzinda uno, Government Print, nyumba yosindikizira ya boma, inakhazikika konkuno kalekale, ndipo m'nyumba zosindikizira mabuku kuyambira kale njira yodalirika inali ya anthu awiri, wina akuwerenga mokweza zomwe mwini analemba, mayina akutchula chilembo chimodzichimodzi, mnzake akutsatira ndi cholembera pa pepala loyeserera. Mng'ono wanu wa ku sekondale akhoza kukuthandizani zimenezi mphindi zochepa. Musamuuze kuti taona ngati zili bwino, adzangoti zakongola. Muuzeni kuti muli cholakwika umu, chipeze.

Pali zolakwika zina zomwe zimabadwira m'njira, pakati pa laputopu yanu ndi kompyuta ya osindikiza. Mwasankha fonti yopotanapotana yomwe munatenga pa intaneti, iwo alibe, nde fayilo ikatsegulidwa kumeneko kompyuta imangoikapo fonti ina, mizere n'kusuntha, mzere womaliza n'kugwera kunja kwa bokosi osaonekanso. Mafonti okongoletsa ambiri alibenso ŵ wa kachipewa, mukalemba Malaŵi pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina chongoonekeratu kuti n'chobwereka, ndipo kankhodolero ka mu ng'ombe, m'mudzi, n'kofunika kukayang'ana paliponse poti kamagwa kapena kutembenuka. Mankhwala ake tumizani PDF, ngati muli mu CorelDRAW sankhani malemba onse mupange Convert to Curves, Ctrl+Q, mu Illustrator ndi Create Outlines. Koma sungani kaye kope ina yosasandutsa, chifukwa mukatero malembawo asanduka zojambula simungawakonzenso. PDF yomwe mwatulutsayo itseguleni muiwerenge, ndi imeneyo ikupita ku makina osati ija munali kugwirirapo.

Tibwere ku buluu uja. Sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake, imasakaniza kufiira, girini ndi buluu, ndi zomwe amati RGB. Pepala lilibe kuwala, limangobweza kwa dzuwa kapena kwa babu, ndipo makina amathirapo inki zinayi, cyan, magenta, yelo ndi yakuda, CMYK, inki iliyonse ikagwera pa pepala imachepetsa kuwala kobwerera m'maso. N'chifukwa chake pali mitundu ina yomwe inki zinayizi sizingafikepo olo makina akhale atsopano, buluu wowala kwambiri uja amatuluka wozimirira kapena wopita ku pepo, girini wonyezimira amafuwa, golide amene amang'anima pa foni amangokhala yelo wakuda pang'ono pokhapokha atagwiritsa foil, kapepala konyezimira komata pa khadi. Apa osindikiza sanakubereni inki. Yambani ntchito ya pa pepala mu CMYK ngati pulogalamu ya pa kompyuta yanu ikulola, mu Photoshop dinani Ctrl+Y, Proof Colors, muone pafupifupi mmene zitulukire, zikafuwa pamenepo musinthe mtundu nthawi ikadalipo. Ngati mkwatibwi wasankha mtundu wa madiresi a operekeza ndipo akufuna khadi lifanane nawo, tengani kansalu mupite nako kosindikizako, muyerekeze ndi pepala lotuluka m'makina, osati ndi foni.

Za nkhope ndifatsepo chifukwa zimandikhudza. Khungu lathu ndi lakuda, ndipo pa pepala mitundu yakuda ndi imene imavutika kwambiri, timadontho ta inki timafalikira pang'ono tikalowa m'pepala, makamaka pepala wamba losaterera, nde malo amene anali akuda pang'ono amatsekeka kukhala bii. Pa laputopu yomwe kuwala mwakweza mpaka kumapeto mumaona maso, mphuno, kumwetulira, pa pepala n'kungotsala mano ndi kolala ya shati. Pa pulogalamu ya maliro zimenezi zimawawa zedi, anthu amafuna kuisunga kuti azimuona m'bale wawo. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika chapakati musanayambe kukonza chithunzi, ndipo dziwani kuti malaputopu ambiri otchipa amasintha mtundu mukangoweramitsa chivundikiro pang'ono, nde muziyang'ana molunjika. Kenako mu Photoshop, pa Curves kapena Levels, kwezani pakati ndi mmithunzi kuti nkhope ioneke yowala pang'ono kuposa mmene mukufunira. Sindikunena zomuyeretsa munthu khungu ayi, zimenezo ndimadana nazo, achibale ake amayenera kumuzindikira, ndikunena zoti masaya, chipumi ndi maso zisiyane. Ndipo munthu wovala suti yakuda musamuike kutsogolo kwa mtundu wakuda kapena buluu wakuda, mapewa amasowa.

Chithunzi chenichenicho nacho muone komwe chachokera. Chikadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse amachichepetsa, chikakhala chojambulidwa pa sikirini kuchokera pa Facebook nde chatheratu, koma pa kafoni chimaoneka chakuthwa poti malo ndi ochepa. Chinthu chogwira m'manja chimafuna madontho pafupifupi 300 pa inchi, kutanthauza kuti chithunzi chodzadza A4 chikhale cha mapikiselo 2480 kwa 3508. Auzeni atumize ngati Document, kapena abwere nacho pa fulashi kuchokera kwa wojambula. Banner yokapachika pa msewu siifuna 300 poti anthu amaionera patali, koma logo ndi malemba zikhale zakuthwa ndithu.

Kukula kwa zinthu nako sikirini imanama. Mumakulitsa tsamba mpaka kudzadza laputopu, malemba a 7 point n'kumaoneka abwino, koma khadi lenileni ndi laling'ono ndipo okaliwerenga ena ndi agogo a ku Jali kapena ku Thondwe, m'nyumba yosawala bwino. Timalemba toyera topyapyala pa mtundu wakuda timadyedwa ndi inki, timalemba takuda ting'onoting'ono tikhale ta inki yakuda yokha, K wa mu CMYK pa 100 peresenti, osati tosakaniza inki zonse zinayi, zikaphonyana pang'ono timaoneka ngati tili ndi mthunzi. Mtundu wa kumbuyo upitirire mamilimita 3 kunja kwa podulira, malemba atalikire m'mphepete, chodulira mapepala sichigwa malo amodzimodzi nthawi zonse. Pulogalamu yopinda pakati ipindeni ndithu ndi manja muone, kunja kumakhala tsamba 4 ndi 1, mkati 2 ndi 3, ambiri amazindikira atasindikiza kale kuti mbiri ya malemu yabwera pachikuto.

Komatu pali pomwe sikirini imaposa pepala kutalitali, nde musaitaye. Pa zojambula, kulitsani kufika 200 kapena 300 peresenti muyende m'mbali mwa munthu amene mwamudula pa chithunzi china, muone tsitsi, makutu, ndi kampata ka pakati pa mkono ndi thupi, mmenemo mumatsalira khoma lakale kapena udzu. Tembenuzani chithunzi chonse kumanja kupite kumanzere, Flip Horizontal, mudzadabwa kuona kuti mutu unapendekeka, diso lina lili mmwamba, mbali imodzi yalemera, ojambula akale ankachita zomwezi ndi kalilole ndipo wojambula wotchuka wa ku Italy, Leonardo da Vinci, analangizapo zimenezi m'zolemba zake. Chotsani mitundu yonse kwa kanthawi chikhale chotuwa, ngati malemba ofiira pa girini asowa ndiye kuti sakusiyana mokwanira, ndipo alipo anthu, makamaka amuna, amene mitundu iwiriyi amavutika kwambiri kuisiyanitsa. Chepetsani posita ikhale ngati kabokosi ka machesi muone ngati mutu ndi deti zikuwerengekabe. Onaninso ngati simunakoke chithunzi cha m'mbali mmalo mwa pakona, nkhope n'kutambalala. Logo yomwe inabwera ndi kabokosi koyera kumbuyo pena sioneka pa laputopu yowala koma pa pepala kabokosiko kamatuluka, nde detsani chithunzi chonse mwadala mu Levels kwa kanthawi, zobisala zonse zionekera. Ngati mwatenga chithunzi chopangidwa ndi AI werengani zala, yang'anani ndolo, mabatani ndi malemba alionse a mkati mwake, kawirikawiri amakhala zilembo zopanda tanthauzo.

Ndipo ngati posita ndi ya pa status basi, siidzafika pa pepala, musataye ndalama kupulinta mwa kala, isiyeni mu RGB, itumizeni pa foni yaing'ono yotchipa ya munthu wina, mutuluke nayo padzuwa muone ngati nambala ikuwerengeka osakulitsa. Chinthu chiyesedwe komwe chikakhale, pa kukula komwe anthu akachionere.

Pa ntchito ya pa pepala lamulo langa ndi limodzi ndipo sindisintha olo kasitomala athamange bwanji, lituluke khadi limodzi kaye, pa makina omwewo, pa pepala lomwelo, lodulidwa ndi kupindidwa, inu muliwerenge, mwini wake aliwerenge asayine kumbuyo ndi deti, kenako makina ayende. Mtengo wa khadi loyesererali muziuphatikiza mu mtengo wa ntchito poyamba pomwe. Ngati kasitomala ali kutali, jambulani khadi lenilenilo mumutumizire, ayankhe molemba kuti mayina, deti, malo ndi nambala zili bwino, chala chokweza mmwamba chokha musachilandire. Pa maliro nthawi imachepa zoona, komabe musapatse namfedwa weniweni kuti awerenge, mutu wake suli pamenepo, funsani wachibale wina amene akuyendetsa mwambo ndipo amadziwa mayina a ana ndi zaka za malemu. Za matisheti ndi ziliza nde musayerekeze n'komwe kudumpha, pulintani mawuwo pa pepala pa kukula kwake kwenikweni olo zitengere kulumikiza mapepala angapo ndi selotepi, abale awiri kapena atatu aone chaka chobadwa ndi chomwalira, asayine, wozokota mwala ayambe pambuyo pake.